Kokayenda si ku Mangochi kokha: makalata a omvera

MUULUTSI: Tili muno mu Limbe. Yakwana nthawi ija timatsegula makalata anu okhudza maulendo ndi malo okaona. Ndili ndi bambo athu aja anayamba kuperekeza alendo m'mapiri ndi m'nkhalango ine ndisanayambe sukulu. Mwaswera bwanji, bambo?

MLENDO: Ndaswera bwino mayi, kaya inu. Koma za zakazo musamaulule pa wailesi.

MUULUTSI: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo ena a ku Bangwe. Akuti: "Chaka chatha pa Tsiku la Anakubala ndinatenga mayi anga ndi banja lonse kupita ku Mangochi. Tinanyamuka mbandakucha, tinafika dzuwa lili paliwombo. Pamchenga panalibe poponda, nyimbo mbali zonse, anyamata ataledzera. Mayi anga anangokhala m'minibasi mpaka madzulo. Chaka chino ndiwatengere kuti?"

MLENDO: Pepani achimwene a ku Bangwe. Koma nyanja sinalakwe. Vuto ndi loti tonsefe, a ku Bangwe, a ku Ndirande, a ku Chilomoni, timadzuka tsiku limodzi, pa 15 Okutobala, pa Isitala kapena pa Khirisimasi, n'kulowera msewu umodzi wa Zomba. Makilomita oposa 180 kupita, enanso otero kubwerera, munthu wachikulire atapanikizana m'minibasi mwezi wotentha chonchija. Ndikufunseni: ulendowo unali wa mayi, kapena wa inu ndi anzanu?

Mayi wachikulire amafuna mthunzi, pokhala pabwino, ndi ana ake pafupi kuti azimva zomwe akunena. Ine ndikanawatengera ku Thyolo. Kuchoka pano pa Limbe ola silikwana. Mukangodutsa Bvumbwe mphepo imasintha, kenako minda ya tiyi imayamba, yobiriwira ngakhale mwezi umene kwina konse kwauma. Esiteti ya Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, imalandira alendo: amakuonetsani mmene tsamba limathyoledwera, mmene limafotera ndi kuuma, n'kukulawitsani tiyi wamitundumitundu. Mayi anuwo amwa tiyi moyo wawo wonse, mwina sanaonepo kuti amathyola nsonga yokha, timasamba tiwiri ndi kamphukira. Imbani kaye foni musanapite, chifukwa ndi malo a eni ake, si pamsika.

MUULUTSI: Ndiye kuti nyanja aiwale?

MLENDO: Ayi, tibwererakonso. Werengani ina.

MUULUTSI: Iyi ndi ya mayi a ku Chigumula. Akuti ana awo atatu njovu amangoiona m'buku la kusukulu. Aliyense akuwauza za ku Liwonde, koma mnzawo anapitako pa holide n'kupeza maboti onse atadzaza. Akufunsa ngati njovu zili ku Liwonde kokha.

MLENDO: Mayi, njovu zili kuseri kwa phiri kuno. Mutsike msewu wa Chikwawa, mudutse pa Thabwa, muoloke Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenako mukhotere kumanja kudzera pa boma. Makilomita pafupifupi 70 kuchokera mu Blantyre, mwafika ku Majete.

Malo amenewa ine ndimawakonda chifukwa ndinawaona atafa. Pofika zaka za m'ma 1990 njovu zonse za ku Majete zinali zitaphedwa. Unkayenda tsiku lonse osaona ngakhale ndowe. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa. Anamanga mpanda, nayamba kubweretsa nyama pamalole: zipembere chaka chomwecho, njovu kuyambira mu 2006, mikango mu 2012. Njovuzo zinaswana mpaka mu 2016 ndi 2017, pamene njovu pafupifupi 500 zinkasamutsidwira ku nkhalango ya Nkhotakota, zina zinachokera ku Majete komweko, zina ku Liwonde. Malo amene anapempha mbewu anafika pogawirako ena. Anawo mukawafotokozere zimenezi, asakangojambula zithunzi.

Mkati momwemo muli mathithi a Kapichira. Mu 1859 David Livingstone ankakwera Shire pa sitima yake ya Ma Robert, poganiza kuti wapeza njira ya pamadzi yolowera kumtunda. Anafika pamenepo n'kupeza miyala. Sitima inathera pomwepo, kwinako anapita wapansi. Lero pali makina opangira magetsi, aja anaonongeka ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, tonse tinalawa mdima wake.

MUULUTSI: Nanga opanda galimoto yawoyawo?

MLENDO: Apo ndiye pali nkhani. Muli mikango, simungalowe wapansi kapena pa kabaza. Mabanja awiri kapena atatu asonkherane, achite hayala galimoto imodzi, kapena alipire galimoto ya eni malowo yomwe imayenda ndi wolondolera. Tengani chiphaso cha unzika, chifukwa Mmalawi amalipira zochepa pachipata kusiyana ndi mlendo wakunja.

Ndipo poti mwatsika kale phiri, ndikuuzeni za Lengwe, kufupi ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Kumeneko kulibe njovu, ndinene poyera. Kuli boo, nyama imene azungu amati nyala, ndipo Lengwe ndi kumpoto kwenikweni kumene nyamayi imapezeka mwachilengedwe. Yamphongo ndi yakuda, ya nyanga zopota ndi ubweya wolendewera kukhosi; yaikazi ndi yofiirira, yamizeremizere, mungayese ndi nyama ziwiri zosiyana. Kaonedwe ka nyama ku Lengwe n'kosiyana ndi kwina. Simuzithamangira ayi. Pali tinyumba tobisalamo pafupi ndi zitsime, mumakwera m'menemo m'mamawa n'kukhala chete. Amayamba ndi anyani, kenako njiri michira ili m'mwamba, kenako boo kusuzumira m'tchire, mwina gulu la njati. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene sangakhale chete theka la ola, mudikire akule kaye.

Miyezi yabwino ndi ya chilimwe, madzi akauma m'tchire nyama zonse n'kumabwera pachitsime. Koma kuchigwa mu Okutobala kumatentha koti sungaponde pansi opanda nsapato. Nyamukani kusanache, madzi akumwa akhale ambiri, masana akupezeni muli pamthunzi. Nthawi ya dzinja misewu ya m'menemo imakhala matope okhaokha.

MUULUTSI: Pali ena analemba kuti anamva za Elephant Marsh, ndiye akufuna kukaona njovu kumeneko.

MLENDO: Asavutike. Dzina linatsala, eni dzina anapita. Livingstone anaonako njovu mazanamazana mu 1859, koma lero kuli mvuu, ng'ona ndi mbalame zosawerengeka. Wokonda mbalame akakwere bwato ndi asodzi a kumeneko, sadzaiwala. Wofuna njovu akhotere ku Majete.

MUULUTSI: Kalata iyi yachokera kwa mnyamata wa ku Ndirande. Akuti iye ndi anzake a kwaya apita katatu ku Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje, ndipo ulendo uliwonse amapeza masukulu ndi makwaya ena atadzaza pamiyala. Akufuna kwina kokwera phiri.

MLENDO: Mwana wanga, phiri la Mulanje ndi lalikulu kuposa mmene anthu a m'tauni timaliganizira. Ife timangodziwa khomo limodzi la Likhubula. Pitani mbali ya Phalombe, pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi phiri la Michesi. Pamenepo pali mabwinja a Fort Lister, linga limene atsamunda anamanga mu 1893 kuti atseke njira imene ogula akapolo ankadutsa popita kunyanja ya mchere ku Mozambique. Kuchokera pamenepo njira imakwera kukafika ku kanyumba kogona alendo ka Sombani. Mutha kuyenda maola angapo osakumana ndi gulu lina.

Koma mumve bwino. Kusowa kwa anthu kumatanthauzanso kusowa kwa wokuthandizani mukathyoka mwendo. Musakwere popanda woperekeza wodziwa phirilo. Chiperoni chikabwera, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nkhungu imatseka moti mnzako ali apa sumuona. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha. Anakamupeza atamwalira patapita masabata. Safunsa anadya phula. Funsaninso za njira, chifukwa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula malo ambiri mbali ya Phalombe. Ndipo akakutsatsani kabokosi konunkhira ka mkungudza, musagule. Mtengo umenewo kwawo ndi pa Mulanje pokha, ndipo watsala pang'ono kutheratu.

Ngati thumba silikulola, Michiru ali pompano kuseri kwa Chilomoni. Mamita oposa 1,400, mukafika pamwamba mumaona bwalo la ndege la Chileka ndi chigwa cha Shire. Fikirani ku ofesi ya oyang'anira nkhalango, akupatseni wokuperekezani. Sindikunamizani, nkhwangwa ndi makala zaonongako kwambiri. Inu a ku Ndirande mukudziwa, funsani makolo anu mmene phiri lanulo linalili ndi mitengo ya paini isanathe m'zaka za m'ma 1990. Michiru pitani mukamuone akadali ndi mitengo.

MUULUTSI: Aphunzitsi ena a ku Kanjedza akuti chaka chilichonse amatengera ana ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri ndi ku Chileka kukaona ndege. Ana afika potopa nazo.

MLENDO: Aphunzitsi, tulutsani K2,000 m'thumba, muwafunse anawo kuti munthu ali pamenepoyo kwawo n'kuti. Kenako mukwere nawo basi, msewu wa Midima, mukhotere pa Nguludi, mpaka ku PIM ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. John Chilembwe anayambitsa mishoni imeneyo mu 1900 atabwerera kuchokera ku America. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake ananyamukira pomwepo, ena kupita ku Magomero, ena kudzafuna mfuti ku Mandala mu Blantyre muno. Asilikali a boma anaphwasula tchalitchi chake. Chimene mukachione lero chinamangidwa pambuyo pake, Dr Daniel Malikebu atatsegulanso mishoniyo mu 1926. Pa 15 Januwale kumadzaza andale ndi magalimoto awo; pitani tsiku wamba, mukapemphe akuluakulu a mpingo akuyendetseni.

Pobwerera mudzere ku Mandala House, nyumba ya 1882 ya kampani ya African Lakes. Dzinalo linachokera ku magalasi a maso a John Moir, mmodzi wa oyendetsa kampaniyo. Anthu timadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku osadziwa kuti ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri m'dziko muno.

MUULUTSI: Bambo, nonse mwatchulazi ndi zapamtunda. Ena tikati kokayenda timafuna kuona madzi.

MLENDO: Ndinadziwa kuti mufika pamenepo. Madzi apafupi alipo, nyanja ya Chilwa. Kuchoka pa Zomba ndi makilomita pafupifupi 30 kukafika padoko la Kachulu. Koma ndichenjezeretu: kumeneko si kokasamba. Kuli likodzo, madzi ake ndi amatope, kulibe mchenga woyalapo chitenje. Wopita ndi kabudula wosambira akabwerako atakwiya nane.

Chilwa ndi nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Phalombe imathiramo, koma madziwo amachoka ndi dzuwa basi. Ndi yosayanso, moti mabwato ambiri amayendetsedwa ndi nsungwi yokankhira pansi, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ong'ambika. Mvula ikabwerera, nsomba zimene zinabisala m'mitsinje ndi m'madambo zimadzazanso nyanja. Matemba amene mumagula pamsika wa Limbe, ambiri kwawo n'kumeneko. Mukaone asodzi amene amakhala pa zimbowera, tinyumba toyandama tomangidwa pa njedza, kuphika ndi kugona pamadzi pomwepo masabata angapo. Muoloke kupita pa chilumba cha Chisi. Mbalame zake n'zimene zinachititsa kuti nyanjayi ilowe m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Bwato likadzaza kwambiri musakwere, dikirani lina, ndipo mphepo ikayamba musaumirire. Musanajambule munthu, mupempheni. Ali pantchito, si chionetsero.

MUULUTSI: Nthawi yatithera, koma munalonjeza bambo a ku Bangwe aja kuti mubwerera ku nyanja yaikulu.

MLENDO: Eya. Achimwene, mayi akanena okha kuti akufuna nyanja, apititseni, koma osati pa 15 Okutobala. Pemphani tchuthi Lachiwiri lina lililonse, mukapeza mchenga womwe uja uli wa inu nokha ndi asodzi akukonza makoka, mwinanso mtengo wa chipinda mukakambirana. Ndipo ngati mwasankha ku Salima, podutsa msewu wa Balaka muime pa Mua. Mishoni ya 1902, ndipo m'nyumba ya Chamare pa Kungoni muli zigoba za Gule Wamkulu mazana angapo, pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayawo. Mayi anuwo akakufotokozerani zambiri kuposa wolondolera alendo. Muwasiye alankhule, inu mugwire chikwama.

MUULUTSI: Kalata ya mayi a ku Machinjiri yofunsa za ulendo wa pa Ilala tiyamba nayo sabata yamawa.

MLENDO: Auzeni ayambiretu kusunga masiku a tchuthi. Sitima imeneyo yakhala pamadzi kuyambira 1951, ndipo siithamangira munthu.