Ulendo wa ku Chembe: kutsika Khwekhwelere mpaka kunyanja

Mudzi wa Chembe, umene alendo amaudziwa kuti Cape Maclear, uli m'boma la Mangochi, kumapeto kwa ndomo ya Nankumba. Wonyamuka ku Lilongwe pa galimoto yake amayenda maola pafupifupi anayi. Koma musapite mothamanga ngati mukukagula mankhwala. Zokongola za ulendowu zimayambira m'njira, ndipo wofulumira amaziphonya.

Njira yake

Lawirirani m'mamawa, mutenge msewu wa M1 wolowera ku Dedza, mtunda wa makilomita pafupifupi 85. Thirani mafuta okwanira ku Dedza komweko. Mukapitirira boma pang'ono mufika pa Masasa, pomwe mukhotere kumanzere kulowa msewu wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti.

Apa mpofunika kudekha. Msewu ndi wa tala koma wokhotakhota komanso wotsetsereka kwambiri, choncho yendani pa giya yaing'ono, musadalire mabuleki okha. Mukapeza poima pabwino, imani mutuluke. Kumunsi kwanu chigwa chidzakhala chitayala mpaka kutali, midzi ili apo ndi apo, ndipo kukakhala kopanda chifunga nyanja imaoneka ikunyezimira chakumapeto. M'mbali mwa msewu amisiri amagulitsa tigalimoto ndi tinjinga tosema pamtengo.

Pofika pa Golomoti mudzamva kuti mphepo yozizira ya ku Dedza yatsalira kumtunda. Ngati nthawi ilipo, patukirani ku Mua, kumpoto pang'ono pa msewu wa M5. Mishoni ya kumeneko inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo ku Kungoni, pamishoni pomwepo, kuli nyumba yosungiramo za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Mukabwerera tengani msewu wa M10 wodutsa m'chigwa cha milambe ikuluikulu kulowera ku Monkey Bay. Musanalowe m'tauniyo pali mphambano ya kumanzere, ndipo kuchokera apo mpaka ku Chembe ndi makilomita pafupifupi 18 odutsa pakati pa mapiri a miyala. Anyani amakonda kukhala pamsewu, musawaponyere chakudya. Funsaninso za Mwala wa Mphini, thanthwe lokhala ndi mizere yonga mphini za pankhope.

Opanda galimoto akwere minibasi ya ku Monkey Bay pa depoti ya ku Lilongwe, kenaka kabaza wa njinga yamoto kapena matola. Gwirizanani mtengo musanakwere.

Zokaona

Chembe wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Polowa m'pakiyi mumalipira, ndipo Amalawi amalipira zochepa poyerekeza ndi alendo akunja.

Lembani boti likufikitseni pa chilumba cha Thumbi. Madzi a pamenepo ndi oyera moti miyala ya pansi imaoneka bwinobwino. Valani magalasi osambira, muviike nkhope: mbuna zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zidzakuzungulirani zikudya ndere pamiyala osakuopani. Nsombazi n'zoletsedwa kugwira m'pakimu. Pobwerera woyendetsa boti amaimba likhweru n'kuponya nsomba pamadzi, nkhwazi n'kutsika mumtengo, kuitola ndi zikhadabo mapiko osanyowa. Amene ali ndi masiku angapo akafikenso pa zilumba za Domwe ndi Mumbo.

Chakufupi ndi malo otchedwa Otter Point kuli manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika mu 1875 koma malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881. Madzulo khalani pamchenga. Gombe la Chembe linayang'ana chakumadzulo, motero dzuwa limalowera pamadzi, ndipo kukada nyali za asodzi a usipa zimandandalika panyanja.

Nyengo ndi zonyamula

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira bwino koma mwera umautsa mafunde, choncho mverani eni maboti akati lero sitipita. Seputembala ndi Okutobala kumatentha, madzi amakhala oyera. M'dzinja mapiri amabiriwira, koma funsani kaye za milatho musananyamuke.

Nyamulani neti ya udzudzu, chipewa, madzi akumwa ndi ndalama zapamanja zokwanira. M'boti valani jekete yoyandamitsa. Likodzo liliko, makamaka m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi, ndiye pakapita milungu ingapo mutabwerera kwanu, kaonaneni ndi achipatala.

Ulemu kwa eni mudzi

Gombe limene inu mwadzera kudzapuma, anzathu amadyerapo. M'mawa mudzapeza amayi akuchapa ndi kutsuka mbale, abambo akusoka chilimira, usipa utayanikidwa pamathandala. Perekani moni: "Mwadzuka bwanji amayi?" Musajambule munthu musanapemphe, ndipo poyenda m'mudzi valani modzilemekeza. Gulani nsomba kwa asodzi a pomwepo, lembani wokuperekezani wa m'mudzimo, ndipo mabotolo ndi majumbo anu mubwerere nawo, chifukwa pulasitiki wotayidwa pamchenga amathera m'madzi amene ana a ku Chembe amasambamo tsiku ndi tsiku.