Kusankha Firiji Yodalirika: Zimene Banja la kwa Mavwere Liyenera Kudziwa

Mawu Oyamba

Firiji ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri zimene banja lingagule. Kwathu kwa Mfumu Mavwere, m'boma la Mchinji, ndalama yogulira katundu wotere siibwera mwezi ndi mwezi ayi. Mabanja ambiri amaigwira kamodzi pa chaka, akagulitsa mtedza, soya kapena fodya. Choncho firiji ikafa isanathe ngakhale chaka, ndiye kuti thukuta la dzinja lonse lapita pachabe, ndipo mwayi wogula ina sudzabweranso mpaka kukolola kwina.

M'nkhani ino ndifotokoza mfundo zimene munthu ayenera kulingalira asanatulutse ndalama. Ganizo langa lalikulu ndi lakuti kudalirika kwa firiji sikuoneka pa kunyezimira kwa chitseko chake kapena pa dzina la kampani lokha. Firiji yodalirika ndi imene ikugwirizana ndi zinthu zitatu za kumalo kumene ikukakhala: magetsi ake, kutentha kwake, ndi amisiri amene angaikonze ikadzavuta. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mwambiwu umagwira ntchito ngakhale m'sitolo ya katundu wamagetsi.

Magetsi Ndiwo Poyambira

Funso loyamba silikhudza firiji koma nyumba. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'Malawi ndiwo ankaunikira magetsi m'nyumba zawo, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'tauni. M'madera ngati kwathu magetsi afika makamaka m'misika ya m'mbali mwa msewu wa Lilongwe–Mchinji, monga pa Waliranji, ndi m'malo ena amene anafikiridwa ndi ndondomeko ya boma yopereka magetsi kumidzi ya MAREP.

Ngakhale kumene nthambo zafika, wogula ayenera kukumbukira kuti gawo lalikulu la magetsi a dziko lino limachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi akachepa, monga zinachitikira mu 2017, kapena makina akaonongeka, monga pamene namondwe Ana anagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, magetsi amazimazima kwa maola ambiri. Kapichira inakonzedwa mu 2023, koma phunziro lake ndi lakuti firiji ya m'Malawi iyenera kukhala yopirira kuzima kwa magetsi.

Chimene chimapha firiji kawirikawiri ndi nthawi imene magetsi akubwerera. Mtima wa firiji ndi kompuresa, kachipangizo kooneka ngati mphika wakuda kamene kamakhala kumbuyo, pansi. Ntchito yake ndi kupopa gasi kuti azizungulira m'mapaipi, kutenga kutentha kwa m'kati n'kukakutaya kunja. Magetsi akathima n'kuyakanso nthawi yomweyo, gasi amakhala akadali wopanikizika, ndipo kompuresa imavutika kuti idzuke. Chimodzimodzinso mphamvu ya magetsi ikatsika kwambiri pa mavolti 230 amene firiji imafuna, kompuresa imatentha ndipo imatha kupsa. Pa chifukwa ichi ndimalangiza kuti powerengera mtengo wa firiji, munthu aphatikizepo kachipangizo koteteza kamene m'masitolo amakatcha fridge guard. Kameneka kamadula magetsi mphamvu ikakwera kapena kutsika mopitirira muyeso, ndipo kamadikira mphindi zingapo kasanalole firiji kuyakanso. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa kompuresa yatsopano.

Kutentha kwa Kwathu

Mfundo yachiwiri ndi imene ogula ambiri saidziwa. Firiji iliyonse imapangidwa kuti izigwira bwino ntchito pa kutentha kwakutikwakuti, ndipo izi zimalembedwa pa kachikwangwani kamene kamamatidwa kumbuyo kapena m'kati mwake. Pamenepo pamakhala zilembo SN, N, ST kapena T. Firiji ya SN kapena N inapangidwira malo amene kutentha sikupitirira madigiri 32. Ya ST imapirira mpaka madigiri 38, pamene ya T imafika pa 43.

Wina anganene kuti Mchinji ndi kumtunda, sikutentha ngati ku Nsanje kapena ku Chikwawa. Izi n'zoona, koma firiji siikhala pabwalo pa mphepo. Imakhala m'nyumba ya malata, nthawi zambiri yopanda siling'i, ndipo mu Okutobala ndi Novembala m'nyumba yotere mumatentha kuposa panja. Firiji ya N ikaikidwa m'menemo, kompuresa yake imangolira osapuma, imadya mayunitsi ambiri, ndipo imakalamba msanga. Kwa ife, chilembo choyenera kufunafuna ndi ST kapena T. Wogulitsa akalephera kukuonetsani chilembochi, mupempheni atembenuze firijiyo kuti muwerenge nokha.

Yoimirira Kapena Yogona?

Kachitatu, banja lidzifunse chimene likufuna kusungamo. Pali mitundu iwiri imene imapezeka kwambiri: firiji yoimirira, ya chitseko chimodzi kapena ziwiri, ndi yogona yotsekulira pamwamba, imene ambiri timaitcha dipu firiza. Yoimirira ndi yabwino posunga ndiwo zotsala, mkaka, masamba ndi madzi akumwa, chifukwa m'chipinda chake chachikulu zinthu zimazizira koma siziuma. Kuzizira koyenera m'menemo ndi madigiri osapitirira 5. Yogona imaumitsa zinthu pa madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo ndi yoyenera nyama, nkhuku ndi nsomba zosunga nthawi yaitali.

Pa nkhani ya kuzima kwa magetsi, yogona ndiyo ili ndi mphamvu. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho ukatsekula chitseko cha firiji yoimirira umatsika n'kutuluka, pamene m'yogona umatsalira pansi ngati madzi m'ndowa. Akatswiri a zaukhondo wa chakudya amati firiji wamba yosatsekulidwa imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4 magetsi atazima, pamene firiza yodzadza imatha kufika maola 48, ndipo yokhala theka maola 24. Ichi n'chifukwa chake azakhali anga, amene amagulitsa mafirizesi ndi thobwa lozizira kwa ana a sukulu, anasankha yogona. Malo akatsala amadzazamo mabotolo a madzi, ndipo madziwo akauma amagwira kuzizira tsiku lonse ngakhale magetsi atachoka m'mawa.

Kukula nakonso n'kofunika. Firiji imayezedwa m'malita, ndipo yaikulu imadya magetsi ambiri ngakhale muli botolo limodzi lokha. Kugula ya zitseko ziwiri pofuna kuti alendo aione pabalaza ndi kulipirira malo opanda kanthu mwezi uliwonse.

Kuwerenga Kapepala ka Mayunitsi

Firiji zambiri zimene zimagulitsidwa m'dziko muno, monga za Defy, KIC ndi Hisense, zimadzera ku South Africa, ndipo zimabwera ndi kapepala ka mizere yamitundumitundu kosonyeza mmene zimadyera magetsi. Pa kapepalako pamalembedwa nambala yotsatiridwa ndi zilembo kWh, kutanthauza magetsi amene firijiyo ingadye pa chaka. Mwamwayi, kWh imodzi ndi yuniti imodzi ya magetsi olipiriratu amene timagula ku ESCOM, choncho masamu ake ndi osavuta.

Tiyerekeze kuti firiji ina yalembedwa 240 ndipo ina 420. Tikagawa ndi miyezi 12, yoyamba idya mayunitsi 20 pa mwezi pamene yachiwiri idya 35. Kusiyana kwa mayunitsi 15 pa mwezi kumaoneka kochepa, koma pa zaka 10 ndi mayunitsi 1,800. Motero firiji yotchipa pogula ikhoza kukhala yodula poisunga. Tidziwenso kuti manambalawa amayezedwa m'chipinda chozizirirapo kuposa nyumba zathu m'chilimwe, kotero ndi othandiza poyerekeza firiji ziwiri, osati polonjeza ndalama yeniyeni imene munthu adzalipire.

Idzakonzedwa ndi Yani?

Mfundo imene ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse ndi ya kukonza. Palibe makina osafa. Kusiyana kwake n'kwakuti ena akavuta amakonzedwa pamsika pompo, pamene ena amafuna ulendo wa ku Lilongwe ndi zipangizo zochita kuitanitsa kunja.

Firiji zachikale, zimene zimaundana madzi m'kati, zili ndi ziwalo zochepa: kompuresa, kachipangizo koyeza kuzizira, mapaipi ndi gasi. Mmisiri wa pamsika amazidziwa bwino. Zamakono zolembedwa No Frost zili ndi fani, kotenthetsera kosungunula madzi oundana, ndiponso kabolodi kamagetsi kolamulira zonsezi. Zina zili ndi kompuresa ya inverter imene imadya magetsi ochepa ndipo siichita phokoso. Ubwino wake ndi weniweni, koma kabolodi kake sikachedwa kupsa mphamvu ya magetsi ikakwera mwadzidzidzi kapena mphenzi ikagwa pa nthambo, ndipo kupeza kena n'kovuta kumudzi. Sindikunena kuti zamakonozi n'zoipa. Ndikunena kuti wozigula ayambe wafunsa kumene zipangizo zake zimapezeka. Njira yachidule ndi kupita kwa mmisiri wa m'dera lanu musanapite kusitolo, n'kumufunsa mitundu imene amaikonza mosavuta ndi imene imagona m'shedi mwake miyezi ikudikira zipangizo. Safunsa anadya phula.

Gasi wa m'firiji nayenso ndi wofunika kumudziwa. Firiji zakale zinkagwiritsa ntchito gasi wa R12, amene amaononga mpweya wa ozoni wotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa. Pangano la ku Montreal la mu 1987 linalamula kuti gasi wa mtunduwu athetsedwe, ndipo maiko osauka anapatsidwa mpaka 2010. Firiji ya kaunjika yolembedwa R12 ndi yokalamba ndipo gasi wake ndi wosowa. Zatsopano zambiri zili ndi R600a, ndipo zina R134a. Gasi wa R600a sadya magetsi ambiri koma amayaka moto, choncho n'koopsa kukanda madzi oundana ndi mpeni, chifukwa mpeniwo ungaboole paipi.

Kogula ndi Mapepala Ake

Popeza tili m'malire, ena amakopeka kukagula ku Chipata m'dziko la Zambia, kudzera pachipata cha Mwami. Asanatero awerengere msonkho wa ku MRA, kusintha kwa ndalama ndi mtengo wonyamulira. Chachikulu, afunse ngati walanti, lonjezo la wogulitsa lakuti adzakonza kapena kusintha katundu akavuta m'nthawi yoikika, idzagwire ntchito ku Malawi. Kuwolotsanso firiji yakufa pachipata si ntchito yamasewera.

Kulikonse kumene mwagula, musachoke opanda lisiti lokhala ndi tsiku, dzina la sitolo ndi nambala ya firijiyo, pamodzi ndi pepala la walanti lodindidwa. Funsani ngati walantiyo ikukhudza firiji yonse kapena kompuresa yokha, ndiponso amene adzalipire thiransipoti. Dziwani kuti mawalanti ambiri sakhudza kuonongeka kobwera ndi vuto la magetsi, chimene ndi chifukwa china chogulira choteteza chija. Wogulitsa akakana kukwaniritsa lonjezo lake, bungwe la CFTC limalandira madandaulo a ogula, koma popanda lisiti mlandu umavuta kuuyamba.

Musanalipire, pemphani kuti aiyatse muimve kulira kwake. Tsekerani kapepala pachitseko n'kukakoka: kakatuluka mosavuta, ndiye kuti labala wa chitseko sakugwira bwino ndipo kuzizira kuzithawa. Onaninso pulagi. Za ku South Africa nthawi zina zimabwera ndi ya mano atatu obulungira, pamene masoketi athu ndi a mano amakona. Pulagi yotere isinthidwe ndi wodziwa zamagetsi, osati kulowetsa nthambo zosenda m'soketi.

Kunyamula ndi Kuika M'nyumba

Firiji yabwino ikhoza kuonongeka tsiku lomwelo logulidwa. Inyamulidwe choimirira ndi yomangidwa bwino, makamaka galimoto kapena ngolo ikachoka pa tala kulowa m'misewu yafumbi. Ikagonekedwa, mafuta a mu kompuresa amalowa m'mapaipi. Ikafika kunyumba, iime maola angapo isanayatsidwe, ndipo ngati inagonekedwa ndi bwino kudikira tsiku lathunthu. Iikidwe pamalo osalala, kutali ndi mbaula ndi dzuwa la pawindo, ndipo pakati pa iyo ndi khoma pakhale mpata wokwana chikhatho kuti kutentha kuzituluka. Ndiwo zamoto ziyambe zazizira zisanalowe.

Kumene Nthambo Sizinafike

Mabanja ambiri a kwa Mavwere ali kutali ndi mapolo a magetsi, ndipo ena ali ndi sola. Iwo adziwe kuti sola yaing'ono younikira ndi kutchajira foni siingayendetse firiji wamba, chifukwa kompuresa podzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imadya ikamayenda. Pamafunika mapanelo, mabatire ndi inverter zoyezedwa ndi katswiri, kapena firiji yopangidwira sola imene imayendera mavolti 12 kapena 24. Kwa amene akungofuna kusunga tomato ndi masamba masiku angapo, pali njira ya miphika iwiri imene mphunzitsi wa ku Nigeria, Mohammed Bah Abba, anaifalitsa ndi kulandira nayo mphotho ya Rolex mu 2000. Mphika waung'ono umaikidwa mu waukulu, pakati pake pamathiridwa mchenga wonyowa, ndipo madzi akamauma amachotsa kutentha. Njirayi imagwira bwino m'chilimwe, koma si yosungira nyama kapena nsomba zaziwisi.

Mawu Omaliza

M'nkhaniyi ndaonetsa kuti kusankha firiji kumayambira kunyumba, kumadzera kwa mmisiri, ndipo kusitolo n'komalizira. Wogula adziwe mmene magetsi a kwawo amakhalira, afune chilembo cha ST kapena T, asankhe mtundu ndi kukula molingana ndi zimene adzasunge, ayerekeze mayunitsi a pa chaka, atsimikize za zipangizo zokonzera, ndipo asunge lisiti ndi walanti. Kuchita zonsezi kungatenge sabata imodzi kapena ziwiri, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa mlimi amene ndalama yake imabwera kamodzi pa chaka, masabata awiri ofunsa ndi ochepa poyerekeza ndi miyezi 12 yodikira kukolola kwina.