Fumbi la Malichi ku Jebel Ali

Funso: Ndinabwera ku Jebel Ali mu Disembala kudzagwira ntchito pa doko. Chiyambireni Malichi fumbi silikutha m'nyumba, zovala zikununkha chinyontho, ndipo ndikutsokomola usiku. Anzanga akuti kutentha kwenikweni sikunafike. Ndigule chiyani ndalama zisanathe? Ine wochokera ku Balaka.

Yankho: Anzanuwo akunena zoona, achimwene. Mu Julayi ndi Ogasiti kutentha kumapitirira madigiri 40, moti dzuwa la ku Balaka mudzalisowa. Fumbilo likubwera ndi mphepo ya shamal yochokera kumpoto chakumadzulo, pomwe chinyonthocho n'cha nyanja imene mwayandikana nayo.

Musanagule kanthu, tsegulani AC (makina oziziritsa m'nyumba), muchotse sefa yake, muitsuke ndi madzi, iume bwino. Muzitero milungu iwiri iliyonse, chifukwa sefa yakuda imakupumitsani fumbi ndi chuku. Ikani AC pa madigiri 24 monga limalangizira bungwe la magetsi ndi madzi la DEWA. Kutsitsa kwambiri kumangokweza bilu. AC ikamadontha madzi kapena kununkha, auzeni eni nyumba.

Kenako gulani makatani okhuthala, labala yotsekera mpata wa pansi pa chitseko ndi chokolopera. Osasesa ndi tsache, mungoulutsa fumbi. Zovala zisalowe m'kabati zisanaumitsitse. Fani ndi yabwino kugula, popeza mapulagi a kuno ndi ofanana ndi a ku Malawi, mudzapita nayo kumudzi.

Chifuwacho chikapitirira milungu iwiri, kapena mukayamba kutentha thupi, pitani kuchipatala. Mukamabanika, imbani 998 kuitana ambulansi.