PHUNZIRO 6: NYENGO IKASINTHA, KATUNDU ASENZE NDANI?

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza pa phunziroli aliyense athe:

a) kufotokoza tanthauzo la mawu oti "kumanzere" ndi "kumanja" pa ndale;
b) kutchula zimene anthu a maganizo a kumanzere amafuna kuti boma lichite pa vuto la kusintha kwa nyengo;
c) kuyesa maganizowo pa zimene zinatichitikira kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi;
d) kukonza mafunso okafunsa atsogoleri athu.

Kwa wotsogolera zokambirana: Phunziroli silikuuza munthu chipani choti avotere. Onetsetsani kuti amayi ndi achinyamata apatsidwa mpata woyankhula, ndipo amene ali ndi maganizo osiyana ndi a anzake asasekedwe.

Poyambira

Akuluakulu a m'mapiri muno amakumbukira kuti kale mvula inali ndi dongosolo lake. Chizimalupsa chikagwa, anthu ankadziwa kuti nthawi yomaliza kugalauza yakwana, ndipo mvula yobzalira sinkachedwa. Lero mlimi wa ku Mponela, ku Madisi kapena ku Malomo amabzala, mbewu ikangomera ng'amba n'kubwera. Mvula ikabweranso imagwa yamkuntho, n'kukokolola nthaka ya m'mapiri kupita nayo kumtsinje.

Tiganizire mabanja awiri a m'mudzi umodzi. Banja loyamba lili ndi ng'ombe, pampu ya kudimba, ndi mwana wogwira ntchito ku Lilongwe. Banja lachiwiri ndi la mayi wamasiye wolima ekala imodzi. Ng'amba ya mu Januwale yapsereza minda yonse iwiri. Banja loyamba ligula mbewu ina n'kubzalanso. Mayi wamasiye apita kukagwira ganyu m'munda wa banja loyamba lija, munda wake n'kulowa tchire, ndipo pofika Febuluwale akhala atatenga katapila. Dzuwa lake ndi limodzi, koma mapsedwe ake ndi osiyana.

Tsono katundu ameneyu asenze ndani? Mayiyo yekha, mudzi, boma, kapena maiko amene anawononga mlengalenga? Funso limeneli ndi la ndale.

1. Kumanzere ndi kumanja

Mawuwa anachokera ku France m'chaka cha 1789. M'nyumba ya malamulo ya dzikolo, amene ankafuna kuti mfumu isunge mphamvu zake ankakhala kudzanja lamanja la wapampando, pamene ofuna kusintha zinthu ankakhala kumanzere. Kwathu kuno sitilandirira chinthu dzanja lamanzere, koma pa ndale mawuwa satanthauza kuti ena ndi aulemu ndipo ena ndi amwano. Ndi mayina chabe a magulu awiri a maganizo.

Masiku ano a kumanja amati chuma chimakula bwino boma likamachepetsa misonkho ndi kusiya malonda m'manja mwa anthu abizinesi. A kumanzere amati msika ukasiyidwa wokha umakondera amene ali nazo kale, choncho boma liyenera kulowererapo kuti ofooka atetezedwe. Zipani za kuno ku Malawi sizidzitchula kawirikawiri ndi mayina amenewa, komabe mkangano wake tili nawo. Tikamatsutsana za makuponi a feteleza, za misika ya Admarc kapena za mtengo wa chimanga, ndiye kuti tikukamba nkhani yomweyi.

2. Mfundo zitatu za a kumanzere

Mfundo yoyamba: wowononga ndiye alipire. Dziko lapansi likutentha chifukwa cha mpweya woipa wochokera ku malasha, petulo, dizilo ndi gasi, zimene maiko a mafakitale akhala akuwotcha kwa zaka zoposa 150. Pa magawo 100 aliwonse a mpweya wochokera ku zinthu zimenezi, a Africa yense sakwana anayi. Mu 1992, pa msonkhano wa ku Rio de Janeiro, maiko anavomereza kuti udindo ndi wa onse, koma waukulu ndi wa maiko olemera. Mu 2009 ku Copenhagen maiko olemerawo analonjeza kuti pofika 2020 azidzapereka madola 100 biliyoni chaka chilichonse. Lonjezoli linachedwa kukwaniritsidwa, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo linabwera ngati ngongole. Mu 2021 boma la Scotland linakhala loyamba kulonjeza ndalama zolipira zimene anthu ataya kale, ndipo zina mwa izo zinafika kuno ku Malawi. Mu 2022 ku Sharm el-Sheikh, m'dziko la Egypt, maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba la ndalama zoterezi. Patangopita miyezi inayi, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa.

A kumanzere amati ndalama zimenezi tisamaziyese mphatso. Ng'ombe za munthu zikadya m'munda wa mnzake, chimene mwini ng'ombe amapereka pabwalo la amfumu ndi chipepeso cha mlandu, ndipo mwini munda sayenera kugwada pochilandira.

Mfundo yachiwiri: msika pawokha sungateteze wosauka. Chaka cha chilala chimanga chimakwera mtengo pa nthawi yomwe mlimi alibe chogulitsa. Venda salakwa lamulo akapita nacho kumene kuli ndalama. N'chifukwa chake a kumanzere amati boma lizisunga chimanga m'nkhokwe za dziko, lizikhala ndi misika kumidzi, lizilemba alangizi azaulimi okwanira, lizimanga madamu a mthirira ndi milatho yolimba, ndipo ndalama zake zizichokera ku misonkho imene wolemera amapereka zambiri kuposa wosauka.

Mfundo yachitatu: poteteza chilengedwe tisapondereze wosauka. Tonse tikufuna kuti nkhalango ya Ntchisi isathe, chifukwa ndiyo imasunga akasupe a mitsinje yathu. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango za owotcha makala zinakula. A kumanzere amafunsa kuti: bwanji wogwidwa amakhala mnyamata wa njinga, pamene makalawo akukaphikira m'tauni? Nanga mitengo yofukizira fodya wa chikopa ndi yomangira zigafa za bale, woyenera kuibwezeretsa ndi mlimi yekha, kapena ndi makampani ogula fodya omwe? Iwo amati lamulo loletsa liziyenda pamodzi ndi njira ina yopezera ndalama, komanso magetsi ndi gasi amene anthu a m'tauni angakwanitse kugula.

3. Zimene tinaona ndi maso athu

Maganizo awiriwa anayesedwa kale pa ife.

Kuyambira m'ma 1980 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi bungwe la IMF zinkakongoza Malawi ndalama pokhapokha boma litachepetsa dzanja lake pa malonda. Mu 1987 anthu abizinesi analoledwa kugula mbewu kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo misika ina ya Admarc inatsekedwa. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 boma linaleka kuthandiza pa mtengo wa feteleza. Panali zabwino zake: kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima bale, amene kale anali wa eni maesiteti okha, ndipo ambiri kuno anamanga nyumba za malata. Koma feteleza anakwera mtengo kwambiri.

Mu 1998 boma linayamba kugawa kapaketi ka mbewu ndi feteleza kwa pafupifupi mlimi aliyense, ndipo zokolola za 1999 ndi 2000 zinali zambiri. Kenaka chiwerengero cha olandira chinachepetsedwa. Mu 2001 mvula inachuluka, minda inamira, zokolola zinatsika. Nthawi yomweyo bungwe losunga chakudya la NFRA linali ndi ngongole, ndipo IMF inalangiza kuti chimanga cha m'nkhokwe chichepetsedwe. Chimene chinachitika n'chakuti chinagulitsidwa pafupifupi chonse. Mu Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Amene analipo akukumbukira anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi, ena akugulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wozizira. Mvula inachepetsa zokolola, koma nkhokwe inapululuka chifukwa cha zochita za anthu.

Chilala cha 2005 chitadutsa, boma la Pulezidenti Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi, ngakhale maiko ena otithandiza sanakondwere nazo poyamba. Mlimi ankagula thumba la makilogalamu 50 pa K950. Mvula inagwanso bwino, ndipo mu 2007 Malawi anagulitsa chimanga ku Zimbabwe.

Pali phunziro lina lochokera ku Dowa konkuno. Mu 2006 dziko linakolola bwino, koma kumpoto kwa Dowa, m'dera la Mfumu Yaikulu Chakhaza, ng'amba inawononga mbewu. Kuyambira Disembala 2006 mpaka Epulo 2007 bungwe la Concern Worldwide linkapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa mabanja pafupifupi 11,000. Ndalamazo zinkatengera kukula kwa banja ndi mtengo wa chimanga pamsika mwezi umenewo, ndipo ambiri olandira anali amayi. Chaka chomwecho cha 2006 boma linayamba Mtukula Pakhomo ku Mchinji. A kumanzere amati thandizo lotere lisamadikire chifundo cha mabungwe, koma likhale ufulu wa nzika wolembedwa mu bajeti ya boma.

4. Zimene otsutsa amanena

Sitingakhale achilungamo tikapanda kumva mbali inayo.

Otsutsa amati makuponi amadya ndalama zambiri. M'chaka cha 2008/09 anatenga pafupifupi K16 pa K100 iliyonse ya bajeti ya dziko, ndalama zimene zikanatha kumanga misewu ndi madamu. Amati makuponi ena ankagulitsidwa kwa mavenda, ena ankalembedwa mayina a midzi yomwe kulibe, ndipo feteleza ankafika chimanga chitamasula kale. Amakumbutsanso kuti Admarc inkatsegula misika mochedwa, mavenda atagula kale soya ndi mtedza. Choncho iwo amati boma likagwira zambiri, akuba amapezanso zambiri.

Ngakhale pakati pa a kumanzere eniake alipo amene amadandaula. Iwo amati feteleza timagula kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023 mtengo wake unakweranso. Amati feteleza wopanda mvula sabereka, monga tinaonera mu 2024 pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28. Amafuna kuti gawo la ndalamazo lizipita ku manyowa, nandolo, mitengo ya msangu, milambala ndi mthirira.

Pamenepa tikuphunzirapo zinthu ziwiri. Boma likachoka kumudzi, wosauka amatsala yekha ndi ng'amba. Koma boma likabwera popanda anthu olifunsa, thandizo limathera m'njira. Amene akufuna kuti boma lichite zambiri ayeneranso kukhala oyamba kulifunsa mmene lagwiritsira ntchito ndalama.

5. Malamulo ali kumbali yathu

Gawo 13 la Malamulo Oyendetsera Dziko Lino limapatsa boma udindo wosamalira chilengedwe poganiziranso mibadwo ya m'tsogolo. Gawo 30 limapatsa munthu aliyense ufulu wa chitukuko, ndipo limatchula chakudya pakati pa zinthu zimene aliyense ayenera kukhala ndi mwayi wofanana wozipeza. Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza kusintha kwa nyengo, ndipo mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Kuyambira 2020 lamulo limalola nzika iliyonse kupempha kuona zikalata za maofesi a boma. Kufunsa si mwano ndiponso si kuukira boma.

Mafunso okambirana m'magulu

1. M'mudzi mwathu, ndani amavutika kwambiri ng'amba ikabwera? Chifukwa chiyani?
2. Amene munalipo mu 2002, fotokozerani achinyamata zimene munaona. N'chiyani chikanachepetsa njala ija?
3. Mutapatsidwa ndalama zonse za feteleza wotsika mtengo za dera lanu, mungazigawe bwanji pakati pa feteleza, mthirira, alangizi ndi mitengo?
4. Kodi n'chilungamo kulanda njinga ya wogulitsa makala? Nanga nkhalango tiiteteze bwanji?
5. Pa maganizo a kumanzere ndi a kumanja, ndi mfundo iti ya mbali imene simugwirizana nayo yomwe mukuona kuti ndi yoona?

Zoti tichite

a) Tisankhe anthu atatu, mwa iwo mukhale mayi ndi wachinyamata, kuti azikhala nawo pa misonkhano ya komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi kudzatiuza zimene zakambidwa.
b) Tipemphe kuti mayina a olandira thandizo lililonse aziwerengedwa poyera pabwalo la amfumu.
c) Tilembe kalata kwa khansala ndi phungu wathu yofunsa kuti: ndi ndalama zingati zokhudza kusintha kwa nyengo zimene khonsolo yalandira chaka chino, ndipo zagwira ntchito yanji m'dera lathu?
d) Tipatule malo a nkhalango ya m'mudzi ndi kugwirizana malamulo ake, osaiwala kumene mabanja osauka azikatola nkhuni.
e) Wofuna mavoti athu akabwera, tisamufunse za nsalu ndi ndalama zogawa. Timufunse kuti chaka cha chilala chimanga tidzachipeza kuti, ndipo pa mtengo wanji.

Mutu umodzi susenza denga. Mlembi wa gulu alembe zimene tagwirizana ndi mayina a amene atumidwa, ndipo pa msonkhano wotsatira tidzayambe ndi kumva mayankho amene abwera nawo.