MABULEKI A DRAMU NDI A DISIKI

Anzanga, ambiri a ife timakonda galimoto yothamanga, koma sitifunsa cimene cimayiimitsa. Ine ndinaphunzira zimenezi mwa mantha, ndipo ndati ndikugawireni.

Kwathu ndi ku Lizulu, m'boma la Ncheu, kumene mseu waukulu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Amalume anga ndi makaniko, ndipo ali ndi Land Rover yakale ya Series III, mtundu umene unapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985. Mawiro ake onse anali ndi mabuleki a dramu.

Tsiku lina sukulu itatsekera, tinapakira matumba a kacewere kunka nao ku Golomoti. Tiri kutsika Khwekhwerere tinamva fungo lopserera. Amalume anaponda buleki, koma galimoto inangopitirira. Iwo anabweza giya nakoka handibuleki pang'onopang'ono, ndipo tinaima pafupi ndi phompho. Mwai wathu unali wakuti handibuleki ya Land Rover imagwira shafti kuseri kwa giyabokosi, motero inali isanatenthe.

Ndinafunsa kuti, "Amalume, kodi mabuleki athyoka?" Iwo anati, "Iai mphwanga, angotentha. Kodi kusukulu sanakuphunzitseni?"

Nkhani yake iri motere. Buleki imasandutsa liwiro kukhala kutentha. Dramu iri ngati mphika wacitsulo wozungulira pamodzi ndi wiro, ndipo m'kati mwake muli nsapato ziwiri zimene zimakankha khoma lake. Popeza mphikawo ngwotseka, kutentha sikuturuka msanga. Citsulo cimafufuma nicitalikira nsapato, nazonso nsapato zimaleka kugwira bwino. Disiki iri ngati mbale yosalala imene kalipa imaipana ndi mapadi awiri, monga munthu apana mbale ndi zala. Mphepo imaiziziritsa, ndipo ikanyowa imauma msanga.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1953 galimoto ya Jaguar inapambana mpikisano wa Le Mans ku France iri ndi mabuleki a disiki, ndipo mu 1955 Citroën DS inagulitsidwa iri nao kutsogolo. Ku America eni magalimoto amphamvu akale, monga Ford Mustang, amakonda kucotsa madramu akutsogolo ndi kuikamo madisiki. Amayamba kutsogolo cifukwa galimoto ikamaima kulemera kwake kumathamangira komweko.

Amalume anaitanitsa zipangizo ku Johannesburg, ndipo tinagwira nchitoyo motere:

1. Tinakweza galimoto ndi jeke, ndi kuikhazika pa zitsulo zolimba. Musalowe pansi pa galimoto yongodalira jeke.

2. Tinacotsa dramu, nsapato, masipuring'i ndi citsulo cimene zonsezi zimakhalapo.

3. Tinamanga citsulo cogwira kalipa, kenaka disiki, kalipa ndi mapadi. Kabauti koturutsira mpweya kayenera kukhala kumwamba. Ine ndinasinthanitsa makalipa, ndipo amalume anandibwezetsa.

4. Tinasintha master cylinder. Kalipa imafuna mafuta ambiri, ndiponso ma master cylinder ambiri a dramu ali ndi kavalavu kosunga mphamvu pang'ono m'mapaipi, kamene kangacititse mapadi kukhula disiki kosalekeza.

5. Tinaika servo, imene imathandiza mwendo ndi mphamvu yokoka mpweya ya injini. Nsapato ya dramu imadzithandiza yokha pokokedwa ndi dramu, koma mapadi satero.

6. Tinaika vavu yocepetsa mphamvu yopita kumbuyo, kuti mawiro akumbuyo asayambe kukhwekhwereza galimoto n'kutembenuka.

7. Potsiriza tinathira mafuta atsopano ndi kucotsa mpweya. Ine ndinali kuponda, amalume ali kumasula, kuyambira wiro lakutali ndi master cylinder.

Apa ndipo ndinamvetsa lamulo la Pascal: madzi otsekeredwa akakankhidwa, mphamvuyo imafika ponseponse cimodzimodzi. Madzi sapanikizika, koma mpweya umapanikizika. Ncifukwa cake mpweya ukatsala m'paipi buleki imafewa ngati siponji. Mafuta okhalitsa amamwanso cinyezi ndipo amawira msanga.

Tisanaike matayala tinayesa ngati kalipa siikhudza limu. Tinayesa galimoto pa malo oti see, poyamba yopanda katundu, pambuyo pake yodzaza. Inaima mosakhotera mbali.

Titabwereranso ku Khwekhwerere ndinadabwa kuona amalume akutsika ndi giya yaing'ono monga kale. Ndinati, "Nanga madisiki aja tinabvutikiranji?" Iwo anaseka nati, "Mphwanga, disiki nayonso ndi citsulo, imatentha. Injini igwire galimoto, buleki ingothandiza."

Cotero anzanga, musanyoze phunziro la Sayansi. Tsiku lina lidzakupulumutsani pa phiri. Ndipo pamene simukudziwa funsani akulu, pakuti safunsa anadya phula.

Mnyamata wa Fomu 3