Kuteteza Sukulu Zathu: Mlonda wa Pakhomo ndi Mlonda wa Mumtima

Werengani ndime izi mosinthana, kenako mukambirane mafunso ali m'munsiwa.

M'mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi ana ambiri amayenda mtunda wautali popita kusukulu, kudutsa m'minda ndi m'zigwa momwe mulibe anthu. Sukulu zambiri zilibe mpanda. Mbava zimaba mabuku, zitseko ndi madesiki, atsikana amavutitsidwa panjira, ndipo anyamata ena amathawa m'kalasi n'kukayamba kachasu kapena chamba.

Apolisi m'dziko muno adayamba ntchito ya chitetezo cha m'madera m'chaka cha 1997. Makomiti a chitetezo amagwira ntchito limodzi ndi mafumu, aphunzitsi, makomiti a sukulu ndi ma Mother Group. Udindo wawo ndi kulondera, kuchenjeza anthu ndi kupereka wolakwa kupolisi. Kumenya kapena kuweruza wogwidwa si ntchito yawo. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limafuna kuti mwana wolakwira lamulo asatengedwe ngati munthu wamkulu, koma athandizidwe kusintha. Mwana akachitiridwa nkhanza, tingapite ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya kupolisi, kapena kuimba nambala yaulere ya 116.

'Abdu'l-Bahá adaphunzitsa kuti anthu ali ndi ufulu wolanga wolakwa pofuna kudziteteza, koma osati pofuna kubwezera. Adaphunzitsanso kuti ntchito yaikulu koposa ndi kulera ndi kuphunzitsa anthu mpaka iwo eni azinyansidwa ndi choipa. Mlonda amaletsa wakuba pamene akumuona basi. Koma mwana amene amakonda Mulungu, ndipo waphunzira kunena zoona ndi kukhala wokhulupirika, amasiya chinthu cha mwini ngakhale ali yekha.

Apa ndi pamene pali gawo lathu. M'mera mpoyamba. Makalasi a ana ndi magulu a achinyamata a zaka 12 mpaka 15 amadzutsa mlonda wa mumtimayo. Wachinyamata amene anzake akumuyembekezera kuti akabzale mitengo pasukulu, kapena kuti aperekeze ana aang'ono panjira, sakopeka msanga ndi zoipa. Motero tikamaphunzitsa ana, tikupeputsa ntchito ya apolisi ndi ya mafumu. Tisadikire kuti mwana agwidwe kaye kenako n'kumuzindikira; mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana

1. Kodi kulanga pofuna kuteteza kumasiyana bwanji ndi kubwezera?
2. Wophunzira akagwidwa ataba pasukulu, anthu n'kufuna kumumenya, ife tingatani?
3. Ndi malo ati panjira ya kusukulu kwathu amene ana amawaopa?
4. Ndi ana ati m'mudzi mwathu amene palibe akuwayendera?

Ntchito ya sabata ino

Awiriawiri, kachezeni ndi aphunzitsi aakulu kapena a komiti ya chitetezo. Mukawafunse modzichepetsa mavuto amene akukumana nawo, ndipo mudzafotokozere gulu zomwe tingathandizepo.