Yankho kwa mayi a geni a ku Mchinji

 M'kalata yanu mwadandaula kuti a kasitomu amakuchedwetsani mukamachokera ku Chipata ndi katundu wa geni, ndipo mwafunsa ngati ntchito yawo ndi kutolera ndalama basi.

Msonkho ndi mbali imodzi, mayi. Bungwe lawo la MRA, lomwe linayamba ntchito mu 2000, limatolera ndalama zimene boma limagulira mankhwala ndi kulipira aphunzitsi. Koma akamatsegula chikwama chanu amafunanso kuona zina: mfuti, chamba, minyanga ya njovu, mankhwala achinyengo. Taganizani, mankhwala a malungo abodza akalowa, amene amakafa ndi mwana wa kumudzi. Pamenepo ine sindingawadzudzule.

Kuchedwa kwenikweniko ndikukumvetsani, kumapweteka, makamaka ngati mwanyamula zoola. N'chifukwa chake mu 2022 anatsegula chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, kuti munthu asaime kawiri, kuno ndi ku Zambia.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi. Bungwe la mayiko la COMESA lili ndi ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono. Ngati katundu wanu anapangidwa ku Zambia ndipo ali pa mndandanda womwe mayiko awiriwa anagwirizana, mumadzaza fomu yosavuta, msonkho wolowetsera katundu simulipira, ngakhale VAT ikhoza kukhalapo. Kafunseni pachipata pomwepo.

Njira zamadulira zisiyeni, mayi, akakugwirani katundu yense amalandidwa. Ndipo mukalipira chilichonse, musachoke opanda lisiti.